Mmene mungabwezeretsere mtengo umene galimoto yataya ikachita ngozi

Munthu wodziwa kugula galimoto akafika pa Biwi ku Lilongwe kapena kwa ogulitsa magalimoto ku Limbe, sathamangira kuliza injini. Amayamba wazungulira galimotoyo, n'kunjuta pakona kuti aone m'mbali mwake dzuwa likuwalira, chifukwa chitsulo chimene chinawongoledwapo chimaonetsa timafunde timene munthu woimirira sangatione. Kenako amatsegula boneti n'kuyang'ana mitu ya mabawuti ngati penti yake inakalidwa ndi sipanala, ndipo ena amatulutsa kamaginito kokulunga m'kansalu n'kumakayendetsa pachitseko. Pamene kamaginitoko kakana kugwira, ndiye kuti pansi pa penti pali bodefila, phala louma lomatira chitsulo chophwanyika. Akatero amadzuka, kupukuta m'manja, n'kunena mofatsa kuti, "Iyiyi inagundidwapo, bwana," ndipo kuyambira pamenepo mtengo umene munabwera nawo m'mutu sumvekanso.

Zimenezi zinandichitikira ine mwini. Minibasi inagunda galimoto yanga kumbuyo, kampani ya inshuwalansi inalipira galaja, ntchito inaoneka yabwino, ndipo ndinasaina pepala limene anandipatsa popanda kuliwerenga chifukwa mtima unali pa makiyi. Patatha chaka, ogula atatu osadziwana anakweza kapeti ya m'buti, naona msoko wa kuwotcherera, ndipo aliyense anatsitsa mtengo. Nditabwerera kukadandaula, anandionetsa siginecha yanga pansi pa mawu onena kuti nkhani yonse yatha. Malangizo awa ndikulembera munthu amene sanasainebe.

Chimene mukufuna kubwezeredwa

Ndalama zokonzetsera galimoto ndi nkhani ina, ndipo mtengo umene galimoto yataya ndi nkhani inanso. Mtengo wotayikawo ndi kusiyana kwa pakati pa ndalama zimene galimoto yanu ikanagulitsidwa ngozi isanachitike ndi zimene ingagulitsidwe itakonzedwa kale. Maloya ndi a inshuwalansi amautcha diminution in value, ndipo ku America amati diminished value. Ndi bwino kuwadziwa mawuwa chifukwa kalata yanu idzalembedwa m'Chingerezi ndipo woiwerenga ayenera kuzindikira msanga chimene mukupempha.

Maziko ake ndi mfundo yakale ya malamulo a chipukuta misozi, yakuti amene wawononga katundu wa mnzake chifukwa chosasamala ayenera kumubwezeretsa pamene akanakhala zikanapanda kuchitika, malinga ndi mmene ndalama zingathere kutero. Mu 1974 khoti la apilo la ku England, pa mlandu wa Payton v Brooks, linavomereza kuti mwini galimoto angathe kulandira ndalama za mtengo wotayika kuwonjezera pa zokonzetsera, koma mwini galimoto wa pamlanduwo sanapate kanthu pa gawo limenelo chifukwa analephera kubweretsa umboni wokwanira woti mtengo unatsikadi. Makhoti a ku Malawi amaunikira zigamulo za ku England pa nkhani zotere, choncho phunziro la mlanduwu likutikhudza mbali zonse ziwiri: ufulu ulipo, koma woweruza sangakupatseni ndalama chifukwa choti aliyense akudziwa kuti galimoto yogundidwa imatsika mtengo. Afuna mapepala, manambala ndi munthu wodziwa ntchito amene angaimirire n'kufotokoza.

Dziwaninso amene ayenera kulipira. Inshuwalansi yanu ya comprehensive, yoteteza ndi galimoto yanu yomwe, kawirikawiri imalonjeza kukonza galimoto kapena kulipira mtengo wake ikatheratu, ndipo m'gawo la zinthu zimene salipira mumapezeka kutsika kwa mtengo. Werengani polisi yanu, lomwe ndi pepala la mgwirizano wanu ndi kampani ya inshuwalansi, kuti mutsimikize, koma yembekezerani kuti ndalamazi muzifuna kwa amene anakugundani ndi kampani yake ya inshuwalansi. Ngati woyendetsayo anali pa ntchito ya munthu wina, monga dalaivala wa minibasi kapena wa lole ya kampani, bwana wakeyo nayenso amakhala ndi udindo pa zimene wantchito wake wawononga ali pa ntchito. Ngati wolakwa munali inuyo, njira yofuna chipukuta misozi yatsekeka, ndipo chimene chatsala ndi kukonzetsa bwino ndi kusunga mbiri, monga ndafotokozera kumapeto.

Choyamba: pamalo a ngozi

Anthu ovulala akathandizidwa, jambulani zithunzi magalimoto asanasunthidwe. Jambulani patali kuti msewu, zikwangwani ndi mmene magalimoto aimira zioneke, ndiyeno pafupi kuti malo ophwanyika aoneke bwino, pamodzi ndi nambala ya galimoto inayo, disiki ya inshuwalansi imene ili pagalasi lake, ndi laisensi ya woyendetsa. Musaiwale kujambula makilomita a padashibodi yanu ndi mbali za galimoto zimene sizinakhudzidwe, popeza tsiku lina wina adzanena kuti galimoto yanu inali yophwanyika kale. Tengani manambala a foni a mboni ziwiri kapena zitatu nthawi yomweyo, chifukwa gulu la pangozi limabalalika msanga.

Pamalo pomwepo mudzamva mawu akuti, "Tingogwirizana, achimwene, ndikakonzetsa ndine, apolisi atichedwetsa." Pa kachikanda ka bampa mungathe kuganizira, koma ngati chitseko chalowa mkati, boneti yapindika kapena tayala lapendekeka, musalole. Mgwirizano wa pamsewu umatha ndi makaniko wotchipa amene wasankhidwa ndi wolakwayo, ndipo inu mumatsala opanda lipoti, opanda umboni, ndi galimoto yodzaza bodefila.

Chachiwiri: lipoti la apolisi ndi kudziwitsa a inshuwalansi

Kanenani ngoziyo kwa apolisi apamsewu tsiku lomwelo, ndipo pambuyo pake katengeni lipoti lolembedwa, mutalipira pa kauntala ndi kulandira lisiti ya boma. Werengani lipotilo musanachoke: dzina lanu, nambala za magalimoto, tsiku, malo, dzina la kampani ya inshuwalansi ya mnzanuyo, ndi mawu onena amene apolisi amupeza wolakwa ndiponso ngati analipira chindapusa. Nambala imodzi ikalakwika, a inshuwalansi adzakubwezani pakatha milungu.

Dziwitsani kampani yanu mkati mwa masiku amene polisi yanu ikunena, ngakhale wolakwa si inu. Lemberaninso kampani ya amene anakugundani kalata yaifupi yowadziwitsa za ngoziyo, ndipo m'kalata yoyambayi muikemo chiganizo chonena kuti kuwonjezera pa zokonzetsera mudzafunanso ndalama za mtengo wotayika, zimene mudzanena kuchuluka kwake galimoto ikakonzedwa. Chiganizo chimodzi chimenechi chimatseka pakamwa aliyense amene angadzanene kuti mwaiganiza mochedwa nkhaniyi. Pitani ndi makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsiku n'kukubwezerani.

Chachitatu: tsimikizani mtengo wa galimoto ngozi isanachitike

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndipo ndi pamene ndikupemphani kuti mutayepo nthawi. Sabata yomweyo ya ngozi, fufuzani magalimoto ofanana ndi yanu amene akugulitsidwa m'dziko muno: mtundu womwewo, chaka chomwecho, injini yofanana, makilomita oyandikana. Jambulani zotsatsa za pa Facebook ndi za ogulitsa odziwika tsiku likuonekera, ndipo pemphani ogulitsa awiri kapena atatu amene ali ndi malo okhazikika kuti akulembereni mtengo papepala la kampani yawo. Mawu a madobadoba a pamsika angakuthandizeni kudziwa mmene msika ulili, koma sangaimirire kukhoti.

Popeza magalimoto athu ambiri, monga Vitz, Sienta, Demio ndi Fit, amachokera ku Japan, njira ina yotsimikizira mtengo ndi kuwerengera ndalama zoitanitsira ina yofanana nayo: mtengo wa pa BE FORWARD kapena SBT mpaka pa doko la Dar es Salaam, ndalama zoibweretsera kudzera pa Songwe, ndi msonkho wa MRA. Sonkhanitsaninso bulubuku, mapepala a kasitomu, COF, malisiti a sevisi ndi a matayala atsopano, ndi zithunzi zakale za galimotoyo, ngakhale za paukwati kapena paulendo wa kunyanja, bola zikuonetsa thupi lake lili losalala.

Chifukwa chimene ndikulimbikira tsiku ndi ndalama yathu. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya magalimoto inakwera motsatira. Zotsatira zake n'zakuti munthu angagule galimoto, kuchita nayo ngozi, n'kudzaigulitsa pa makwacha ochuluka kuposa amene anagulira. Wa inshuwalansi wochenjera adzakufunsani kuti, "Mwaluza chiyani, poti mtengo wake wakwera?" Yankho lake n'lakuti simukuyerekeza mtengo wa lero ndi wa tsiku logula, koma mukuyerekeza galimoto yanu yokonzedwa ndi inzake yosagundidwa, zonse pa nthawi imodzi. Popanda zotsatsa zokhala ndi tsiku, yankho limeneli mudzalinena pakamwa pokha.

Chachinayi: kukonzetsa

Kukonza kwabwino kumachepetsa mtengo wotayika, ndipo malamulo amayembekezera kuti inunso muchite mbali yanu kuti chiwonongeko chisakule. Musayambe ntchito assessor wa inshuwalansi, katswiri woyeza chiwonongeko, asanaione galimoto, koma mukhalepo pamene akuiona, ndipo pemphani kope ya lipoti lake ndi ya kotesheni ya galaja yolemba chinthu chilichonse pachokha: chimene asinthe, chimene awongole, chimene apopere penti.

Pitani kugalaja ntchito ili mkati, makamaka tsiku limene amasula zophwanyika, chifukwa ndi tsiku lokhalo limene kuvulala kwenikweni kwa galimoto kumaoneka. Jambulani chasisi, mizati ya zitseko, pansi pa buti ndi pamene pamakhala rediyeta, asanapake kalikonse. Ngati chasisi yapindika, funsani ngati aiwongola pa makina okokera ndi kuyeza kapena ndi tcheni chomangirira kumtengo, pakuti zonse ziwiri zimachitika ndipo zotsatira zake sizifanana. Limbikirani kuti chitseko kapena fenda yophwanyika kwambiri isinthidwe m'malo moimata, ndipo zipangizo zogwiritsidwapo kale ntchito zochotsedwa ku galimoto ya mtundu womwewo nthawi zambiri zimakhala bwino kuposa zatsopano zongofanizira. Nkhani ya airbag ndiyo yosanyengerera: ngati inaphulika, onani ndi maso anu kuti aikamo ina, chifukwa alipo amene amangomata chivundikiro n'kuzimitsa kagetsi ka padashibodi. Poyatsa galimoto kagetsiko kayenera kuyaka kwa kanthawi kenako n'kuzima kokha.

Tsiku lotenga galimoto, pitani masana. Yang'anani penti padzuwa ngati ikufanana ndi ya mbali zina, onani ngati mipata ya pakati pa zitseko ndi yofanana, ngati penti inadonthera pa malabala a magalasi, ndipo iyendetseni pamsewu wowongoka kuti mumve ngati ikukokera mbali imodzi. Kayezetseni alayimenti pa makina a kompyuta n'kusunga pepala la zotsatira. Cholakwika chilichonse chilembedwe ndi kukonzedwanso musanasaine kuti mwakhutira.

Chachisanu: lipoti la katswiri ndi kuwerengera

Galimoto ikatuluka, lembani ntchito assessor wodziyimira payekha, amene sanatumidwe ndi kampani imene mukuifuna ndalama. Muuzeni momveka kuti simukufuna mtengo wokonzetsera, koma lipoti lonena zinthu zitatu: mtengo wa galimotoyo ngozi isanachitike, mtengo wake tsopano kwa wogula amene wauzidwa zoona, ndi zifukwa za kusiyanako. Lipoti labwino limatchula nambala ya chasisi, makilomita, mbali zimene zinakonzedwa, magalimoto amene wayerekeza nawo, ndi maphunziro a wolembayo. Ngati ali ndi kachipangizo koyezera kuchindikala kwa penti, alembe manambala a mbali iliyonse, popeza penti ya kufakitale ndi yopyapyala ndipo pamene pali bodefila manambala amakwera kangapo. Mufunseni pasadakhale ngati angalole kukaikira umboni kukhoti, ndipo sungani lisiti yake chifukwa ndalama imeneyo mudzaiphatikiza pa zimene mukufuna.

Onjezerani umboni wa msika weniweni. Pitani ndi galimotoyo kwa ogulitsa amene anakupatsani mtengo poyamba, aonetseni zithunzi za ngozi, ndipo alembe ndalama zimene angaigulire tsopano. Tiyerekeze kuti magalimoto ofanana ndi yanu akugulitsidwa pa K20 miliyoni, ndipo ogulitsa atatu alemba K17 miliyoni, K17.5 miliyoni ndi K18 miliyoni. Pakatikati pake ndi K17.5 miliyoni, choncho mtengo wotayika uli pafupi ndi K2.5 miliyoni. Koma samalani kuti mukuyerekeza zinthu zofanana, chifukwa wogulitsa amagula motsika kuti adzapeze phindu ngakhale pa galimoto yosagundidwa. Mufunseni alembe manambala awiri, imene akanapereka galimoto ikanakhala yosagundidwa ndi imene akupereka tsopano. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kumene wa inshuwalansi sangakutsutse mosavuta.

Mukafufuza pa intaneti mudzapeza njira yowerengera yotchedwa 17c, imene inatchuka m'chigawo cha Georgia ku America pambuyo pa mlandu wa State Farm v Mabry wa mu 2001. Njirayi imayamba ndi 10 peresenti ya mtengo wa galimoto monga malire, n'kumachepetsa malinga ndi kukula kwa ngozi ndi mtunda umene galimoto yayenda, mpaka galimoto imene yafika mamailosi 100,000, amene ndi pafupifupi makilomita 160,000, sipatsidwa kanthu. Si lamulo la kuno, ndipo ine sindikulimbikitsani kuigwiritsa ntchito, chifukwa pamsika wathu galimoto ya makilomita amenewo ikadali chuma cha banja ndipo wogula amaisiyanitsabe ndi yogundidwa.

Chachisanu ndi chimodzi: kalata yofuna ndalama ndi pepala losaina

Kalata ikhale ya tsamba limodzi kapena awiri, yopanda ukali. Tchulani tsiku ndi malo a ngozi, nambala ya lipoti la apolisi, nambala ya kleimu, ntchito imene inagwiridwa, mitengo iwiri ija ndi kusiyana kwake, ndipo lembani padera zina zimene inshuwalansi yanu sinalipire, monga excess (gawo la zokonzetsera limene mumalipira nokha), ndalama zokokera galimoto, za assessor, ndi zoyendera pa masiku amene galimoto inali kugalaja. Perekani masiku oti ayankhe, monga 14 kapena 21, ndipo tumizani kope kwa mwini galimoto inayo. Mapepala enieni asachoke m'manja mwanu, perekani makope.

Funsani msanga malire a polisi ya mnzanuyo pa katundu wa anthu ena. Mapolisi a third party, olipira zimene mwawonongera anthu ena, amakhala ndi malire, ndipo kampani silipira kupyola pamenepo, kotero kuti ngati zokonzetsera zadya kale ndalama zonsezo, zotsalazo muzifuna kwa mwini galimoto ndi dalaivala wake. Ngati kampani yanu ndiyo inakonzetsa galimoto, nayonso idzafuna kubwezeredwa ndi mbali inayo, choncho iuzeni zimene mukuchita kuti musasokonezane, ndipo musagwirizane chilichonse ndi wolakwayo chimene chingatseke njira ya kampani yanu.

Tsopano za pepala lija. Polipira, makampani amapereka fomu yotchedwa discharge, imene nthawi zambiri imakhala ndi mawu akuti full and final settlement, kutanthauza kuti mukalandira ndalamazo simudzafunanso kanthu pa ngozi imeneyo. Itengereni kunyumba, iwerengeni mutakhala pansi, ndipo ngati ikutseka zonse pamene nkhani ya mtengo wotayika sinathe, pemphani molemba kuti asinthe mawuwo kuti akhudze zokonzetsera zokha. Pepala la kugalaja lonena kuti mwalandira galimoto nalonso liwerengeni mzere uliwonse. Kuchedwa kwa sabata imodzi n'kopweteka kwa munthu amene wakhala akukwera minibasi mwezi wathunthu, koma siginecha sibwezedwa.

Yankho loyamba likhoza kukhala lokana kapena la ndalama yochepa. Pemphani zifukwa zawo molemba ndi mmene awerengera, kenako yankhani mfundo iliyonse ndi umboni wanu. Kulandira ndalama yocheperako lero nthawi zina n'kwanzeru kuposa kudikira zaka, makamaka pamene kwacha ikutha mphamvu, koma chisankhocho chikhale chanu mutaona manambala.

Chachisanu ndi chiwiri: akakana

Yambani ndi ofesi ya madandaulo ya kampaniyo. Zikakanika, makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ndipo ofesiyi imalandira madandaulo a anthu pa mmene makampaniwa akuwachitira. Pitani ndi makalata onse mwa ndondomeko ya masiku. Njira yomaliza ndi khoti, la majisitireti kapena High Court malinga ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo lamulo la Road Traffic Act limalola wodandaula kusumira kampani ya inshuwalansi ya wolakwayo mwachindunji mpaka pa malire a polisi. Nthawi yosumira ili ndi malire ake, choncho onanani ndi loya miyezi yoyambirira, osati makalata atakhala chaka osayankhidwa, ndipo mufunseni poyera ndalama zimene mlandu udzadye poyerekeza ndi zimene mungapate.

Si ngozi iliyonse imene iyenera ulendo wonsewu. Galimoto yatsopanoko, ya makilomita ochepa, imene chasisi kapena airbag zinakhudzidwa, imataya ndalama zambiri ndipo ndi yoyenera kuimenyera nkhondo. Galimoto yakale imene inagundidwapo kale kawiri, kapena imene yangosinthidwa bampa ndi nyali, singataye zokwanira kulipira assessor. Ngati wokugundani ndi wa kabaza wopanda inshuwalansi, mungapambane mlandu koma osapeza pokatenga ndalama. Ndipo ngati nanunso munalakwitsako, khoti limachepetsa chipukuta misozi molingana ndi gawo lanu.

Pogulitsa

Gawo lina la mtengo limabwerera pa tsiku logulitsa, kaya a inshuwalansi analipira kapena ayi. Wogula amatsitsa kwambiri chifukwa cha mantha a zimene sakuziona: akapeza bodefila pachitseko chimodzi amaganiza kuti galimoto yonse inagubuduka. Ikani m'fayilo imodzi lipoti la apolisi, zithunzi za tsiku la ngozi, zithunzi za kugalaja galimoto ili yomasula, malisiti a zipangizo, pepala la alayimenti ndi lipoti la assessor, ndipo pitirizani kusunga malisiti a sevisi pambuyo pake kuti zioneke kuti matayala sakudyeka mbali imodzi. Nenani za ngoziyo inuyo wogula asanaitulukire, chifukwa kunama kuti sinagundidwepo kungachititse kuti akubwezereni galimoto kapena akusumireni. Mloleni abwere ndi makaniko wake, mutsegulireni buti, mukweze kapeti ndi dzanja lanu, mumuonetse msoko uja, kenako mumupatse chithunzi cha malo omwewo asanawotcherere ndi lisiti ya amene anagwira ntchitoyo.